A Ferjani Aphunzira Kupuma

A Ferjani a pa chilumba cha Kerkennah adakula akumira. Pa unyamata wawo ankafumbata mwala nkudumpha m'bwato, mwalawo nkuwatsitsira pansi pa nyanja kumene ankadula masiponji osambira omera pamiyala, mpweya ataukhomera m'chifuwa. Matenda atagwa, masiponji adafa, pansi pa nyanja nkusanduka bwinja. Iwo adayamba kutchera nsomba m'mipanda ya makhwatha a kanjedza, koma mtima udatsalira pansi pomwepo.

Imvi zitati mbuu, mayi a kunyumba atatsogola, adangodzuka tsiku lina nati akupita ku Iguputo, ku Nyanja Yofiira, akaone nyanja yamoyo maso asanachite khungu. Kumeneko anthu amamira atabereka mabotolo a mpweya. Adasankhiratu mwezi wa Okutobala, dzuwa litaleka ukali koma madzi akadali ofunda.

Mwana wawo Nabiha, namwino mumzinda wa Sfax, adangotenga pasipoti yawo nkuiponya m'chikwama chake.

"Muilandira mphunzitsi wa zomira akavomera, Ababa. Sindifuna mubwerere m'bokosi."

"Ine? Kuphunzitsidwa madzi? Iwe ndidakulera ndi madzi omwewa!"

Adapitabe ku dziwe losambiramo kumene ankaphunzitsirako zomira, Nabiha ali pambuyo. Mphunzitsiyo, dzina lake Wissem, adawamangirira botolo la mpweya kumsana.

"Madala, lamulo ndi limodzi. Osasunga mpweya. Wa m'botolo umafufuma mukamakwera, mapapo nkung'ambika."

"Ndamva, mphwanga, sindine gonthi."

Adamira mokongola ngati kale. Koma pokwera thupi lidakumbuka zake: kukhosi kudatseka kokha. Wissem adawagwira lamba, nkuwakankha pamimba mpaka thovu lidatuluka.

"Zatha, Ababa," adatero Nabiha panjira. "Tikiti yanu ya ndege tibweze."

"Sitibweza kanthu. Chifuwachi ndidachiphunzitsa ndekha kutseka, ndichiphunzitsanso ndekha kutsegula. Chikakana ndichimenya!"

Kuyambira pamenepo pachilumba padalibe mtendere. Pokwera makwerero a kudenga ankang'ung'udza ngati njuchi, kuti mpweya uzituluka osaduka. Podzuka pamkeka, chimodzimodzi. M'mawa ankalowa m'madzi ofika m'khosi, kukhala pansi, nkumadzuka pang'onopang'ono akung'ung'udza. Anzawo a pamalo omwera tiyi sadawasiye.

"Ferjani, wameza wailesi kodi?"

"Ndameza, ndipo ikaulutsira ku Iguputo inu mukuwodzera pano ndi makhadi anu."

Atabwerera ku dziwe lija, Nabiha adaima m'mphepete, chikwama atachikumbatira. Sadawaone bwino bambo ake pansipo. Adangoona thovu likutumphuka, mzere wosaduka, mpaka mutu wa imvi udavuuka. Wissem adawamizanso, nkuwamizanso, kenaka adagwedeza mutu movomereza.

"Anamwino, apatseni. Awa ndi aliuma, koma akupuma."

Nabiha adatulutsa pasipoti, koma sadaitaye m'manja msanga.

"Ndikupita nanu. Ndipo tsiku lotsiriza simumira. Munthu sakwera ndege atangovuuka kumene, magazi amachita thovu."

"Tsiku lathunthu ndingokhala pamchenga ngati mzungu wopsa ndi dzuwa?"

"Eya, Ababa."

A Ferjani adatsomphola pasipotiyo ndi dzanja lonyowa, madzi akadali chuchuchu m'ndevu.

"Ndiye kauze a ndege asunthe tsiku lobwerera. Masiku anga omira sindichotsapo ngakhale limodzi."