Kuthawa Apongozi pa Matayala

Ine koleji sindinaisiye. Tinangogwirizana kuti tipumulane kaye, ndipo mpaka lero tikupumulanabe. Nthawi imeneyo, chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndinkagona pa sofa ya achimwene anga ku Scarborough, m'nyumba zosanja zija, pamwamba poti ukasuzumira pawindo anthu amaoneka ngati nyerere zovala majekete. Madzulo ndinkanyamula makatoni m'nyumba ina yosungira katundu ku Mississauga. Kumudzi ankadziwa kuti ndikuphunzira za uinjiniya ndipo ndimagona ku hositelo, ndiye sindinkafuna kuwasokoneza ndi nkhani zatsopano.

Achimwene ankayeza magazi pachipatala. Anali munthu wosita ndi mipango yomwe. Alamu anga anali namwino, ndipo chaka chimenecho anali oyembekezera. Ndiye kunabwera uthenga woti amayi awo, apongozi a achimwene, akubwera kudzathandiza za khanda.

Amayiwo ukwati umenewu unkawakhala pakhosi chiyambire. Kwawo mkamwini amamanga nyumba kwa mkazi, koma uyu ananyamula mwana wawo n'kumuolotsa nyanja. Uthengawo sunabise kanthu. Akubwera kudzaona mmene mwana wawo akusungidwira, ndipo zikapanda kuwakomera abwerera naye, mdzukulu ali kumsana.

Achimwene anaganiza zowagonjetsa ndi ulemu, ulemu wake wakale weniweni: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo, akakumana panjira amapatukira kutchire. Vuto linali lakuti m'nyumba yosanja mulibe tchire. Kuchokera kuchipinda kupita kubafa inali njira imodzi yopapatiza.

"Ndikakumana nawo apa nditamanga thaulo, ndilowera kuti?" anandifunsa.

"M'kabati ya tsache, achimwene."

Anayesadi. Mapewa anakana.

Alamu ankaonerera atagwira m'chiuno. "Inu, amayi anga amagulitsa nsomba zouma mumsika wa ku Limbe. Amakangana ndi oyendetsa malole tsiku lililonse. Zothawanazi anasiya kalekale."

"Iwo akhoza kusiya, ine ayi. Akanena kuti Canada yandichotsa khalidwe."

Apa ndi pamene maphunziro anga anagwira ntchito. Ndinawafotokozera kuti azungu akatopa ndi nyumba zabwino amagula galimoto yokhala ndi bedi ndi mbaula, n'kupita kunkhalango kukalumidwa ndi udzudzu. Amaitcha kampa. Ife tikhoza kugula yotero, kuisiya pansi pomwepo pamalo oimika magalimoto, n'kumagona momwemo mpaka apongozi atabwerera. Ndinati "ife" mwadala, chifukwa sofa yanga inali itapatsidwa kale kwa mlendo. Komanso amayiwo sankayenera kundiona, poti pakamwa pa munthu wa mumsika pakhoza kufika kwa amayi anga ku Ntcheu tsiku lomwelo.

Yoyamba tinakaiona pamalo ena ogulitsira magalimoto m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe anakolekapo timbendera tambirimbiri. Inali ya ku Jeremani, yankhope yobulungira ngati mwana wonenepa, denga lake lotukuka ngati chipewa. Wogulitsa, bambo wa taye yotambalala ngati thaulo, anatisonyeza tebulo lopindika, sinki yaing'ono, ndi injini imene inali kumbuyo, pansi pa bedi. Ine ndinaikonda. Ndinayenda mozungulira n'kumenya tayala ndi phazi monga amachitira anthu odziwa.

"Chimbudzi chili pati?" anafunsa achimwene.

Wogulitsa anatambasula manja kuloza dziko lonse la Canada. Anati mitengo ilipo yambiri.

Pamalo athu oimika magalimoto panali mtengo umodzi, ndipo unali pansi pa windo la alamu. Tinathokoza n'kumapita.

Yachiwiri tinaipeza m'nyuzipepala. Inali ku Oakville, kwa anthu olemera, kumene ngakhale agalu amayenda ngati ali ndi ndalama kubanki. Eni ake anali nkhalamba ziwiri zachizungu. Galimotoyo inali yaitali ngati basi. Munali firiji, uvuni, shawa, chimbudzi chogejemula, ndi kapeti yachikasu imene inayambira pansi n'kukwera makoma mpaka kudenga, ngati woyalayo sanauzidwe polekezera. Achimwene anagejemula chimbudzi katatu, nkhope ikuwala. Ine ndinali nditasankha kale bedi langa.

Mayi wa panyumbapo anatipatsa tiyi ndi mabisiketi, n'kufunsa kuti ulendo woyamba tilowera kuti, kumapiri kapena kunyanja zakumpoto.

Achimwene sankatha kunama. "Sitipita kulikonse, mayi. Ndikuthawa apongozi anga."

Bambo wokalambayo anaseka mpaka kutsamwa ndi bisiketi. Anawagwira dzanja achimwene, n'kunena kuti nayenso anaigulira chifukwa chomwecho, kuti apongozi ake anali chilombo, ndipo pa chifukwa cha ubale umenewu atsitsako mtengo. Achimwene anaika kapu pansi, anaimirira, n'kutsanzika mwaulemu wozizira. Tili panjira anati, "Akuyesa kuti ndimadana nawo. Sindingagone m'galimoto ya munthu wotukwana apongozi ake."

"Koma shawa ija, achimwene."

"Khala chete."

Yachitatu inali kuseri kwa kuntchito kwanga. Mnzanga wina wa ku Potugalo, mmisiri wa matabwa, anagula vani yakale yoperekera buledi n'kuisandutsa kampa. Anakhomamo bedi limodzi lalikulu ndi kabati, n'kuboola windo limodzi m'mbali, lopendekeka ngati likukufunsa funso. Kukatentha munkanunkhira buledi, kukazizira munkanunkha mafuta. Pakona panali ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi mpando, yothiramo mankhwala abuluu. Achimwene anakhalapo atavala, n'kutseka maso ngati woweruza milandu. Ndege inadutsa pamwamba pathu. Kenako anati, "Tigula."

Kukonza mkati anandisiyira ine. Ndinagula mbaula ya gasi ndi botolo lake, mbale ziwiri, makapu awiri, bulangete lalikulu, ndi chingwe choyanikira zovala. Woyang'anira nyumba yathu sankalola munthu kugona pamalo oimika magalimoto, choncho panafunika makatani oti azikhala otseka nthawi zonse. Alamu anapereka zitenje zawo ziwiri zakale, ine n'kuzisoka ndi waya wa pamakatoni. China ndinatchinga pawindo, china pakati pa mipando yakutsogolo ndi kuchipinda. Ndinaonjezera kagalasi kopesera tsitsi ndi duwa la m'chitini pakhomo. Munthu ukasiya sukulu luso limatulukira kwina.

Ndinene pano za maonekedwe anga, poti akukhudza mlandu. Tsitsi langa linali lofufuma ngati dengu. Ndinkavala malaya amaluwa othina, buluku lotambalala kumiyendo ngati siketi ziwiri, ndi nsapato za zidendene zazitali. Ku Toronto ndinali mnyamata wamakono. Kumudzi masiku amenewo mwamuna wotero ankametedwa pabwalo la ndege asanapereke moni.

Apongozi anafika nyengo yozizira ya kuno itatha, ndipo khanda silinachedwe. Achimwene anawalonjera atanjuta kunja kwa chitseko, akuomba m'manja, maso ali pa botolo lozimitsira moto. Kuyambira pamenepo ankakwera kukaona mwana pokhapokha apongozi akalowa m'bafa. Alamu ankayanika thaulo lofiira pawindo, achimwene n'kuthamangira mu lifiti, kunyamula khanda pang'ono, kutenga chakudya cha anthu awiri, n'kutsika madzi asanaleke kumveka. Iwo anali okhutira. Ankati apongozi akuona ulemu umene sanauonepo chibadwire.

Zimene apongozi ankaona ndinazimva pambuyo pake kwa alamu. Amayiwo ankakhala pawindo tsiku lonse ndi khanda pamiyendo. Pansi ankaona kanyumba kamakatani a zitenje za mwana wawo, ndi duwa pakhomo. Ankaona mkamwini akulowamo ndi mbale ziwiri. Dzuwa likafika pamutu ankaona mukutuluka munthu watsitsi lambiri, wabulauzi yamaluwa, wansapato zazitali, akuyanika zovala, kuthirira duwa, n'kumapita kokwerera basi akudzigwedeza. Zodzigwedezazo ndikukana. Nsapatozo ndi zimene zinkandiyendetsa choncho.

"Uja ndani?" anafunsa amayiwo tsiku lina.

Alamu anali atalonjeza kundibisa. "Mnzawo wakuntchito, amayi."

"Mnzawo wakuntchito wophikiridwa ndi iwe? Wam'patsa ndi zitenje zako zomwe? Mwana wanga, sukulu yonse ija unaphunzira chiyani? Mwamuna akamanga kanyumba kena pabwalo, kwathu timadziwa dzina lake."

Alamu anayesa kufotokoza za ulemu. Amayiwo anati ulemu wa mbale ziwiri sanaumvepo. Anatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati, n'kuyamba kupinda zovala zawo, za alamu, ndi matewera a khanda. Alamu, amene anali asanagone tulo tokwanira chibadwire mwanayo, anaona kuti ukwati wawo ndi wofunika kuposa uinjiniya wanga. Sindiwadandaula. Anatenga kiyi wapadera wa vani ija n'kuwapatsa amayi awo. "Pitani mukadzionere nokha, amayi."

Linali Loweruka m'mawa. Achimwene anali pampando wa woyendetsa, kuseri kwa chitenje, akumwa tiyi ndi kuwerenga nyuzipepala. Ine ndinali ndidakali m'bulangete, tsitsi lokha lili kunja. Chitseko chakumbuyo chinatseguka mwamphamvu, mphepo n'kulowa.

"Dzuka, mwana wa eni. Dzuka ndione nkhope imene yaposa ya mwana wanga."

Mawuwo ndinawadziwa. Ndinadzifunditsa kwambiri.

"Wamanyazi eti? Polowa m'banja la eni manyazi unawasiya kuti?"

Ambulera inanditera pamatako. Inali ambulera yolimba, ya ku Limbe. Kenako bulangete linachoka lonse kamodzi, ndipo tinayang'anizana. Maso awo anayambira kutsitsi, n'kutsikira kundevu, n'kuima pamenepo.

"Mayo ine. Ali ndi ndevu."

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anandiyang'anitsitsa, akupendeketsa mutu. "Kodi si iwe mng'ono wawo uja? Wa uinjiniya?"

"Ndine ndemwe, amayi."

"Hositelo yake ndi imeneyi?"

"Nthambi yake."

Kuseri kwa chitenje kunamveka kuomba m'manja kwapansipansi. Achimwene analankhula ndi mawu a kutchalitchi. "Mng'ono wanga, uwauze amayi kuti tawalandira, ndipo uwafunse ngati agona bwino."

"Andifunse okha, pakamwa ali napo!"

Anakwera m'galimoto, kudutsa pa ndowa yabuluu ija osaifunsa kanthu, n'kukoka chitenje. Waya wanga wa pamakatoni sanalimbane nawo. Achimwene anatembenukira kuwindo msangamsanga, tiyi n'kutayikira pa nyuzipepala.

"Akamwini," anatero amayiwo atakhala pampando winawo, ambulera pamiyendo, "ndakwera ndege, ndasanza m'kathumba pamaso pa azungu, nsomba zanga ndasiyira anthu akuba, kuti ndidzaone mwamuna wa mwana wanga. Chimene ndaona mpaka lero ndi nkhongo. Mwana wanga akuvutika yekha ndi khanda, inu muli pano kuthirira maluwa ndi uyu."

"Ndimati ndi ulemu, amayi," achimwene anauza windo.

"Ulemu mwaugulira galimoto? Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti mundigulire jekete. Abambo awo a mwana wanga ankathawa amayi anga, inde, koma ankathawira kumunda, n'kubwerako ndi chimanga. Inu mwathawira pabedi ndi mng'ono wanu. Tandiyang'anani."

Khosi la achimwene linatembenuka pang'onopang'ono ngati chitseko chadzimbiri. Maso anafika paphewa la apongozi n'kuima.

"Kwezani."

Anafika pachibwano.

"Zakwana za lero, mungakomoke. Nyamulani pilo wanu tizipita. Masutikesi ndimasula ndikakuonani mukuchapa matewera. Ndipo iwe," anandiloza ndi ambulera, "vala buluku la amuna, ngati uli nalo, unyamule katundu wa akulu ako."

Masana omwewo achimwene anachapa matewera, n'kuwasita ngakhale panalibe amene anawatuma, ndipo masutikesi anabwerera pamwamba pa kabati. Ine ndinatsala ndekha m'vani mpaka kuzizira kutayamba, mwini nyumba ndi bedi lonse. Nkhani ya uinjiniya wanga inafika ku Ntcheu apongozi asananyamuke n'komwe.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi ulendo wokwera uja. Amayi patsogolo, achimwene pambuyo atakumbatira pilo, ine kumapeto ndi nsapato zawo ndi lumo lometera. Lifiti ya nyumba yathu inali yaing'ono, ndipo makoma ake onse anali agalasi. Chitseko chitatseka, achimwene anayang'ana kumanzere, kunali apongozi. Anayang'ana kumanja, apongozi. Anatembenukira kumbuyo, anapeza apongozi ambirimbiri atandandalika mpaka kutali, aliyense ndi ambulera yake. Anatseka maso.

"Tsegulani maso, akamwini," anatero amayiwo. "Mudine batani. Ine sindidziwa kuti timakhala pati."