Fungo la mphira m'mphuno mwa bambo

Bambo anga ankagwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Moatize. Chaka chimene ndinasiya sukulu, mwala unagumuka kudenga la mgodi n'kuwamenya pamwamba pa khutu. Bala linapola msanga, tonse tinaiwalako.

Patapita miyezi ingapo, tikudya masana, bambo anangoti, "Kodi ndani akuwotcha mphira?" Amayi ananunkhiza uku ndi uku. Ine ndinatuluka n'kuzungulira nyumba, koma chopsa panalibe. Pobwerera ndinawapeza bambo atagwira chitseko, akuti chizungulire, mseru ukuwavuta. Posakhalitsa anakhala bwino n'kupempha madzi.

Zinkabwera kawiri kapena katatu pamwezi. Tsiku lina zinawapeza pansi mu mgodi. Kumeneko fungo la kupsa salitenga mwamasewera, choncho anakuwa kuti moto, anthu onse n'kuthawira kunja. Moto sunapezeke. Kapitawo anawauza kuti asabwerenso.

Tinasamukira ku Zóbuè, kwawo kwa amayi. Achibale ankanong'ona kuti bambo analodzedwa ndi anzawo a ku mgodi, koma bambowo anakana. Amalume ndiwo anawatengera kwa mkulu wina wa pachipatala chaching'ono, amene anthu ankangomutcha dotolo ngakhale anali namwino. Ine ndinawaperekeza.

Mkuluyo anawaunika m'mphuno, n'kuwafunsa ngati mumatuluka mafinya, ngati mutu umawawa mbali imodzi. Bambo anati ayi. Kenako mkuluyo anakhudza chipsera cha pamwamba pa khutu chija.

"Fungo lopanda gwero limabwera ndi matenda a m'mphuno, kapena mutu waching'alang'ala," anatero. "Koma inu ndikukayikira apa. Bala la m'mutu limatha kusiya khunyu laling'ono, losagwetsa munthu."

Bambo anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti si misala?"

"Si misala, bambo."

Anawapatsa timapiritsi toyera, n'kuwaletsa kukwera mumtengo ndi kuwotha moto ali okha. Pobwerera bambo anayenda patsogolo pathu, akucheza ndi aliyense wokumana naye.

Fungolo silinathe, koma linkabwera patalipatali. Likawapeza m'munda wa mbatatesi ankangoti, "Labwera," n'kukhala pamzere, khasu lili pambali. Ine ndinkapitiriza kupalira. Likadutsa ankadzuka, n'kundifunsa pamene anasiyira.