Pampu imene ndinakasaka ku Francistown

Ganizo lopita ku Botswana linali langa, ngakhale anthu a m'komboni yathu ya Dambwa mpaka lero amati amuna anga ndiwo ananditumiza. Zinali zaka zija mafakitale a mu Livingstone ankatsekedwa. Amuna angawo, atate ake Tiza, atachotsedwa ntchito ku fakitale ya nsalu, ndalama zimene anapatsidwa anagulira galimoto yakale kuti ikhale takisi. Anasankha ya otomatiki chifukwa mwendo wawo wamanzere unathyoka kalekale, sunkatha kuponda kilachi. Galimoto ina iliyonse sakanaiyendetsa.

Inatidyetsa chaka chimodzi, ikunyamula anthu pa msewu wa Mosi-oa-Tunya. Tsiku lina ku Nakatindi inangoima. Injini inkalira, giya ankalowetsa, koma matayala osasuntha. Makaniko wathu, a Mweene, atatsitsa giyabokosi anapeza kuti pampu yokankha mafuta m'kati mwake yafa. Kagudumu kake kachitsulo kanali katathyoka mano awiri.

"Iyi sipeya mu Livingstone mulibe," anatero a Mweene. "Ma otomatiki ni ang'ono muno. Yesani ku Francistown, olo ku Joni."

Mnzanga wa kutchalitchi, amake Mutinta, ankapita ku Francistown mwezi uliwonse kukaoda katundu. Iwo ndiwo anandiuza za banja lina kumeneko lofuna wantchito wa m'nyumba. Ndinauza amuna anga kuti ndikagwira miyezi itatu, ndigule pampuyo, ndibwere. Iwo anakulunga kagudumu kothyokako m'nsanza, pamodzi ndi pepala la manambala a giyabokosi. Mwana wathu Tiza anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mng'ono wake Lute zinayi. Ndinawoloka mtsinje pa pantoni ya ku Kazungula ndisakudziwa n'komwe kuti pampu imaoneka bwanji ikakhala yathunthu.

Ndikakumbukira tsopano, chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali ntchito ayi. Kuchapa ndi kukolopa ndinazolowera. Chinali chete wa m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba. Chitswana sindinkachimva, ndipo pena sabata yonse inkatha osayankhula ndi munthu kupatula kuvomera abwana. Ndinkadzipeza ndikuyankhula ndi ana a eni nyumba m'Chinyanja, iwo n'kumangondiyang'ana.

Loweruka masana ankandimasula. Ndinkayenda wapansi kupita kumene amaphwasula magalimoto akufa, kansanza kanga m'manja. Amuna a kumeneko ankaitanizana kuti adzaone mzimayi wa chitenje wofuna pampu ya giyabokosi. Ena ankaseka, ena ankafunsa kumene ndimagona. M'sitolo za sipeya ankayang'ana pepala langa n'kupukusa mutu: galimoto ya mtundu umenewo inasiya kalekale kubwera. Wina anandionetsa kagudumu kofanana ndi kanga, koma titawerenga mano anali osiyana. Wina anali nayo giyabokosi yeniyeniyo, koma anakana kuitsegula. Ankafuna ndigule yonse, pa mtengo umene sindikanaukwanitsa ngakhale ndikanasiya kutumiza chilichonse kwathu.

Miyezi itatu inasanduka isanu ndi umodzi, kenaka chaka. Amake Mutinta akabwera ndinkawapatsa ndalama, sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za ana, iwo n'kundipatsa kalata. Makalata a amuna anga anali aafupi. Ana ali bwino. Galimoto ikudikira. Musabwere opanda pampu, mwatsala pang'ono. Lute atadwala malungo ndinamva atachira kale. Ndinalemba kuti ndikufuna kubwera pa Khirisimasi, yankho linali lomwelo: limbani mtima, pezani kaye pampu.

Amene anandithandiza anali nkhalamba ina ya ku Bulawayo, a Ncube, a pa galaja yaing'ono pafupi ndi njanji. Iwo sanaseke. Anatembenuza kagudumu kanga kangapo, anakopera manambala m'buku lawo, n'kundiuza kuti ndizidzera. Ndinadzera Loweruka lililonse kwa miyezi inayi. Tsiku lina ndinawapeza akundidikira pa geti. Kunabwera galimoto yogundidwa kumbuyo, giyabokosi yake ili bwinobwino. Anachotsa pampu yonse ine ndikuona, mafuta ofiira akudontha, n'kuika kagudumu kanga pambali pa kake. Tinawerenga mano limodzi. Anafanana. Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo.

Sindinatumize uthenga. Ndinapempha masabata awiri kwa abwana, ndinanyamula pampuyo pamiyendo ulendo wonse, yolemera ngati mwana.

Nditafika kwathu, galimoto ndinaipeza pa miyala pansi pa mtengo wa mango, matayala atachotsedwa. Lute anabisala kumbuyo kwa chitseko, sanandizindikire. Atate ake Tiza anali ataonda. Nditawapatsa pampuyo anathokoza, koma sanamasule n'komwe pulasitiki yake. Anangoilowetsa kunsi kwa bedi.

M'mawa mwake ndinaitenga ndekha kupita nayo kwa a Mweene. Ataiona anapukuta manja nthawi yaitali.

"Bamake Tiza, sibanakuuzeni?"

"Chani?"

"Pamene munayenda, ninasegula bokosi yonse. Tuzitsulo twa pampu tunangena paliponse. Mukati munapsa, na chigoba chinang'ambika. Olo muike pampu yanyowani siingayende. Ninabauza amuna banu mwezi wamene uja. Bokosi yeve tinagulisa kudala ku ba sikirapu, baja bogula zitsulo zakale."

Sindikumbukira mmene ndinayendera kubwerera ku Dambwa. Ndinapeza amuna anga atakhala pa benchi, mwendo uja atautambasula. Ndinaika pampu patsogolo pawo.

"Munali kuziba," ndinatero.

"Ninali kuziba."

"Manje makalata yonse yaja?"

Sanandiyang'ane. "Nasakila nchito tauni yonse, bamake Tiza. Bakaona mwendo chabe, bakamba ati tizakuitanani. Sembe munabwela, sembe tinadya chani?"

Ndinafuna kukuwa, kuti aneba onse amve za Loweruka lililonse limene amuna achilendo anandiseka. Koma ndinangotembenuka. Ndinayang'ana pa chingwe: yunifomu ya Tiza, diresi la Lute, thaulo, zonse zinali zochokera m'manja mwanga. Ufa wa m'nyumba, lendi, mankhwala a malungo aja, chimodzimodzi. Ananama, inde, koma ana anadya.

Masiku otsalawo tinakhala mwaulemu ngati alendo. Ndinayesa kufunsa ntchito ku malo ogona alendo a ku Nakatindi, anati ndisiye dzina. Pampu ndinapempha a Mweene aigulitse, koma panalibe wina mu Livingstone yense woifuna. Lute anayamba kundizolowera, kugona pamiyendo panga masana.

Palibe anandiuza kuti ndibwerere ku Francistown, ndiponso palibe anandipempha kuti ndikhale. Lachinayi la sabata yachiwiri amake Mutinta anadutsa kudzanena kuti anyamuka Loweruka m'mawa, ngati ndikufuna tiyendere limodzi. Ndinati ndiganiza kaye. Nditalowa m'nyumba ndinapeza Tiza atakoleza makala m'simbi, akusita madiresi anga awiri n'kumawapinda bwinobwino m'chikwama. Palibe anamutuma.