Kabotolo ka Ana Khumi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholemba zooneka bwino. Nditamaliza giredi 12, ndinakhala pakhomo chaka chathunthu ndikudikira malo ku koleji. Azakhali anga, omwe ankakolopa pa kiliniki ina ya boma m'dera la Mlolo, anamva kuti pakufunika munthu wothandiza pa sikelo ya ana. Anatenga kope langa la kusukulu n'kukaonetsa a Sisita Zulu, namwino wamkulu wa pamalopo, ndipo Lolemba lotsatira ndinayamba.

Lachitatu lililonse tinkapita kumidzi pa njinga. Ine ndinkamangirira kumbuyo bokosi la katemera, m'mbali mwake titaikamo mapaketi a madzi oundana. Tikafika ndinkakoleka sikelo panthambi ya mtengo, kuveka mwana kabudula wansalu, kumupachika, kuwerenga makilo, n'kuika kadontho pa khadi lake. Kenako ndinkamuyeza mkono ndi lamba wa mitundu itatu ndi kulemba dzina m'kaundula. Kubaya kunali kwa a Sisita okha. Palibe kholo limene linkalipira kanthu, ndipo zimenezi ndinkazinyadira.

Katemera wa chikuku ndiye ankativuta. Amabwera ali ufa m'kabotolo kokwanira ana khumi, ndipo akasungunulidwa amayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe maola asanu ndi limodzi, wotsala amatayidwa. Malangizo amati ngakhale mwana akhale mmodzi, kabotolo katsegulidwe. Koma mwezi umenewo m'firiji munatsala timabotolo tiwiri tokha, ndipo tsiku lobwera galimoto yobweretsa katemera kuchokera ku boma silinkadziwika.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri. M'mawa mwake titafika pamudzi umene tinapangana nawo, anthu onse anali kuminda kukadzala. Pansi pa mtengo panali mayi mmodzi, a Naphiri, ndi mwana wawo Dalitso wa miyezi khumi ndi umodzi, yemwe anali atabwezedwa kale kawiri osabayidwa.

"Amayi, mudzabwere mwezi wamawa," anatero a Sisita. "Sindingataye katemera wa ana asanu ndi anayi chifukwa cha mwana mmodzi."

"Mwezi wamawa mtsinje udzakhala utadzaza," anayankha a Naphiri. "Alamu anga ku Chipata analipira ku chipatala cha eni ake, mwana anabayidwa tsiku lomwelo. Zaulere zanuzi ife timalipira ndi miyendo."

Ine ndinapempha a Sisita kuti andipatse maola awiri. Ndinatenga kaundula, n'kuona mayina a ana ofika msinkhu wa katemerayu, ndipo ndinayamba kuzungulira minda. Njinga ndinkachita kukankha chifukwa cha matope. Bambo wina anandiseka. "Asisi, mukufuna mkazi wanga asiye mbewu m'mbale chifukwa cha khadi? Dzalani inuyo, iye apite." Ndinadzaladi mizere iwiri. Pofika masana ndinabwerera ndi amayi atatu.

A Sisita anawayang'ana, kenako anayang'ana miyendo yanga. "Misozi, anayi si khumi," anatero. Komabe anasungunula katemerayo, n'kulemba nthawi pa kabotolo, n'kubaya ana anayiwo, Dalitso woyamba. Katemera wotsala, wa ana asanu ndi mmodzi, tinamutaya. Ndinapalasa njinga kubwerera ndili wokondwa, ndikudziona ngati ndachita chinthu chachikulu.

Lachitatu lotsatira tinapita kumudzi wina. Kudzala kunali kutatha, ndipo amayi anabwera ambiri. Ana oyenera katemera wa chikuku analipo khumi ndi atatu, kabotolo kali kamodzi. A Sisita anabaya khumi motsatira mmene anafikira, kenako anandipatsa makhadi atatu otsalawo.

"Kawauze ndiwe," anatero. Sanali okwiya, anali otopa basi.

Ndinapita kukawauza. Amayi awiri anadandaula, ndipo zinali zomveka. Wachitatu anangomanga mwana kumbuyo n'kufunsa mwaulemu kuti abwerenso tsiku liti. Ndinalibe tsiku lomupatsa. Pamene ndinkachoka mu Januwale kupita ku koleji, mipata ya ana atatuwo m'kaundula inali isanalembedwe.

Kuno ku koleji timatsutsana kawirikawiri ngati boma liyenera kuchiza aliyense kwaulere kapena chithandizo chisiyidwe m'manja mwa amalonda. Ine ndimakhalabe kumbali ya boma, chifukwa a Naphiri sakanatha kufika ku Chipata, ndipo palibe wamalonda amene akanakankha njinga m'matope aja. Koma ndinasiya kulankhula mokweza. Anzanga amanena mawu akuti "aliyense" mosavuta, pamene ine ndinaona kuti aliyenseyo amathera pa mwana wachikhumi.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinalakwa. Chimene ndinatengako n'chakuti ndisanapemphe kuti kabotolo katsegulidwe, ndiyambe ndavomera kuti makhadi a obwezedwa ndikapereka ndekha, ndikuwayang'ana kumaso.