Khadi limene ndinakana kulandira

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, kalasi yathu ya Sitandade 3 inasefukira. Tinkaphunzirira m'katchalitchi ka Akatolika kuseri kwa Malomo, ochepa pa mabenchi, ambirife pansi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mwa ana atsopanowo munali ana a matenanti a ku esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo. Makolo awo anachokera kummwera, ndipo masiku amenewo, chisankho chitangotha kumene, akuluakulu ankatchula mawu oti "akummwera" mopotoza pakamwa. Ife ana tinatengera.

Aphunzitsi athu anali mayi wachitsikana, mmodzi wa aja analembedwa mwachangu asanapite ku koleji. Sankamenya, n'chifukwa chake tinkawapeputsa. Tsiku lina mu Disembala anabwera ndi makatoni a sopo opempha m'magolosale, malezala awiri, ndi chitini chodzaza timapepala.

"Atsikana a mbali ino atole dzina limodzilimodzi," anatero. "Amene wam'tolayo umupangira khadi la Khirisimasi, iyenso akupangira lako. Ulembemo chinthu chimodzi chabwino chimene umachiona mwa iye, kaya ndi mnzako kaya ayi."

Ine ndinatola mtsikana wa ku esiteti, wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankakhala yekha pafupi ndi khomo. Tonse tinkadziwa kuti amayi ake akudwala matenda aja omwe sitinkawatchula dzina, owondetsa munthu mpaka kutha. Pa nthawi yopuma panalibe womugawira chimanga chokazinga, ndipo akamwa madzi pa mjigo enafe tinkadikira kuti apite kaye.

Kunyumba ndinawauza amayi anga akupalira mtedza.

"Panga zimene aphunzitsi anenazo," anatero osaweramuka. "Koma kanthu kochokera m'nyumba imene ija kasalowe muno. Wamva?"

Sanali munthu woipa. Chaka chomwecho anali ataika alongo awo, ndipo mantha anali asanawachoke.

Khadilo ndinalipanga ndi mtima wonse. Chofiira ndinapala njerwa, chobiriwira ndinatikita masamba a mbatata, chakuda ndinagwiritsa makala. Ndinajambula khola ndi ng'ombe yooneka ngati galu. M'kati ndinalemba kuti: "Umawerenga bwino kuposa tonse." Zinali zoona.

Tsiku lotsekera, mvula ikugwa pa malata, aphunzitsi anayamba kutiitana kutsogolo awiriawiri. Itafika nthawi yathu, mtsikana uja anatulutsa khadi lake m'kajumbo ka shuga momwe analibisa kuti lisanyowe. Anajambula atsikana awiri atasenza ndowa. Anandipatsira ndi manja awiri, ngati akupereka kwa munthu wamkulu.

Kumbuyo wina ananong'ona kuti, "Utenga matenda." Kalasi inaseka chapansipansi. Ine manja anga anapita okha kumbuyo.

"Landira," anatero aphunzitsi.

Langa ndinaliika pa benchi kuti adzitengere yekha. Kenako ndinamuuza kuti, "Lakolo ika pansi."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kuwerama, n'kuliika pa simenti pafupi ndi mapazi anga. Sanalire. Anatenga langa lija n'kubwerera pa malo ake.

Aphunzitsi anatola lake lija pansi n'kuwerenga mokweza, mwina poganiza kuti ndichita manyazi: "Unandibwereka pensulo tsiku loyamba." Ine za pensulozo sindinkazikumbukira n'komwe.

Amene anabwera pambuyo panga anaona kuti n'zotheka. Aliyense amene anatola mwana wa ku esiteti anachita chimodzimodzi, ndipo makhadi anayi kapena asanu anatsala pansi. Aphunzitsi anawatola limodzilimodzi.

"Ndiye sabata yonseyi timapanga chiyani?" anafunsa.

Anakhala pa mpando atagwira makhadiwo, osatiyang'ananso, mpaka belu linalira.

Titatsegulira mu Januwale mtsikana uja sanabwere. Amayi ake anamwalira masiku a Khirisimasi omwewo, ndipo bambo ake anatenga ana n'kupita kukafuna malo ku esiteti ina. Ena ankati ku Kasungu, ena ankati anabwerera kwawo. Ku maliroko a m'mudzi mwathu sanapite. Anati matenanti aikana okhaokha.

Tsiku lina poweruka aphunzitsi anandiimitsa. Anatulutsa khadi lija m'kaundula wa mayina.

"Anzako apita, palibe akuona. Ukulifuna?"

Ndinkalifuna. Koma ndinaganiza za amayi akulipeza m'thumba langa.

"Ayi, madamu."

"Chabwino, pita."

Sanatipangitsenso makhadi. Ankaphunzitsa masamu ndi Chichewa basi, ndipo anayamba kubwera ndi kamtengo ngati anzawo onse.

Ndili Sitandade 5 aphunzitsi aja nawonso anayamba kuonda. Ankatsokomola n'kugwira khoma polemba pa bolodi, ndipo ana anasiya kulimbirana kuwanyamulira mabuku. Abale awo anadzawatenga pa ngolo kupita nawo kwawo ku Nachisaka. Anadwala kumeneko miyezi ingapo. Tinkadziwa kulemba bwinobwino tsopano, koma palibe aliyense wa ife anawalembera ngakhale mzere umodzi. Ine ndinaganizapo kawiri, ndinang'amba pepala m'kope, sindinadziwe poyambira.

Za imfa yawo tinamva pa mzere wa m'mawa. Ahedi anati tikhale chete pang'ono, ndipo tinakhaladi chete. Atatha analengeza kuti mawa aliyense abwere ndi khasu lolambulira bwalo la sukulu.