Masowo Atatu ndi Mango a Mai Winfrida

Pabwalo la nyumba ya a Wenceslaus Chadza ku Kafue Estates panali mtengo umodzi umene sowo sinkayenera kuukhudza. N'zoseketsa mukaganiza kuti mwini nyumbayo ntchito yake inali yodula mitengo, ndipo m'kanyumba ka malata kuseri ankasungamo masowo a injini atatu, amene kuno timangoti macheniso. Koma lonjezo ndi lonjezo. Mtengowo unali wa mango, ndipo unali wa akazi awo, mai Winfrida, amene anabwera ndi mbewu yake m'kathumba kuchokera kwawo ku Katete chaka chimene analowa m'nyumbayo. Tsiku limene a Wence anagula sowo yoyamba, mai Winfrida anawaimitsa pageti asanaitsitse n'komwe paphewa.

"Mukajube vonse vamene mufuna, kufika na ku Shimabala," anatero, pakuti kuno kudula timati kujuba. "Koma uyu mutengo wanga, cheniso yanu isakaugwile."

A Wence analonjeza uku akuseka, ndipo mai Winfrida anawauza kuti abwereze osaseka. Anabwereza.

A Wence anabadwira mu Kafue momwemu, kwa bambo amene anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji. A Wence eni anakhala zaka zambiri akukonza makina kufakitale ya feteleza, ndipo ntchito itachepa anatuluka ndi manja odziwa injini komanso khutu limodzi losamva bwino. Anayamba kudula bulugamu m'mafamu a ku Shimabala, n'kumagwetsanso mitengo imene yakula mowopseza madenga a anthu m'tauni. Sanalemere, koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Lindiwe, anaphunzira mpaka kukapeza ntchito ku Lusaka.

Munthu ukalakwitsa n'kuwafunsa kuti sowo yabwino ndi iti, tsiku lako latha. Misa ikatha ankakugwira mkono pakhomo la tchalitchi n'kuyamba kufotokoza, nshima ikukuzizirira kunyumba. Ankati palibe sowo yabwino kuposa inzake, chimene chilipo ndi munthu wopusa amene amatuma sowo ntchito ya inzake. Yaikulu ija, ya mpeni wautali kuposa mkono, ndi yogwetsera: ndi yolemera, imamwa petulo ngati chidakwa, koma ikalowa m'thunthu sibwerera. Kakang'ono kaja n'kosadzira nthambi, kopepuka koti ukwera nako mumtengo n'kugwira ntchito tsiku lonse msana osadandaula, koma ukakaonetsa thunthu kamalira, tcheni n'kutentha, mano n'kutha. Yapakati ndiyo ya nkhuni, yoduladula zipika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ankati munthu wokhala ndi ndalama ya sowo imodzi agule imeneyo. Amene amadula nkhuni ndi yaikulu ankamutcha wodzionetsera, ndipo wogwetsa mtengo ndi kakang'ono ankati akufuna maliro.

Mai Winfrida masowowo ankawatcha akazi anzawo. Ankati anakwatiwa m'tchalitchi cha Katolika koma anadzapezeka pa mitala, ndipo mwa akazi anayi a a Wence, amene sapukutidwa Loweruka ndi iwo okha. Ankadziwa kulira kwa sowo iliyonse ali pansi pa mtengo wawo pamene ankasokera mayunifomu a sukulu. A Wence akamayesa injini kuseri, iwo ankangoti mai wamkulu wadzuka, kapena kamtsikana kayamba matama.

A Wence nawo anali ndi pobwezera, ndipo pobwezera pake panali mtengo uja. Alendo akabwera a Wence ankaumenya ndi chikhatho n'kunena mokweza kuti mizu yake ikung'amba maziko a nyumba, masamba akuwoletsa malata, ndipo mileme ya Kafue yense imachitira msonkhano pamenepo. Ankati tsiku limene mai awa adzapite kukacheza ku Katete adzabwerako n'kupeza chitsa. Mai Winfrida ankayankha osadzutsa mutu pa makina osokera kuti tsiku limenelo a Wence adzagone m'kanyumba ka malata ndi akazi awo enawo. Anthu ankaseka n'kumapita. Chimene sankaona n'choti chilimwe chikafika povuta, amene ankathira madzi otsukira mbale patsinde anali a Wence omwewo, ndipo nthambi ina itatsamira denga anaichotsa ndi chikwanje masiku awiri, masowo atatu ali phee kuseri.

Panali chinthu china chimene anthu a mu Estates ankawadziwa nacho. Maliro akagwa, anthu asanamalize n'komwe kutulutsa mipando m'nyumba ya ofedwa, a Wence ankakhala atafika ndi wilibala ya nkhuni zouma, ndipo ankabwerera kangapo mpaka mulu utakwana masiku atatu. Sankalandira kanthu. Ankangoti maliro n'kulirana, ndipo ofedwa sagwira ntchito, amagwirira ndi anzawo. Lamulo limenelo anaphunzitsa anthu ndi iwo eni, ndipo anthu analimva bwino kwambiri.

Mai Winfrida anayamba kudwala mwezi wa Ogasiti. Anaonda pang'onopang'ono, makina osokera anaphimbidwa ndi chitenje, ndipo a Wence anasiya kupita ku Shimabala. Masana ankawanyamula n'kukawakhazika pamphasa pansi pa mtengo, n'kumayang'ana limodzi mango akukula. Mai Winfrida ankati sapita kulikonse asanalawe la chaka chino. Anamwalira Lachiwiri lina mu Novembala, mango onse akadali aawisi.

Lachitatu m'mawa a Wence ndi Lindiwe anapita kuchipatala ndi kukhonsolo kukatenga mapepala a maliro, chifukwa ankafunika mwamuna wake wa malemu kuti asayine. Kunyumba kunatsala a Cephas, wapampando wa mphakati wawo wa kutchalitchi, munthu wa mtima wabwino ndi manja ofulumira kuposa mutu. A Cephas anayang'ana pabwalo n'kuona kuti nkhuni palibe, pakuti kwa miyezi itatu a Wence sanadule kanthu. Anaonanso kuti tenti ikusowa poima, mvula ili m'mwamba. Zinawapweteka kuti munthu amene wasonkhera moto maliro a aliyense alire mkazi wake popanda moto. Ndiyeno anakumbukira zimene a Wence akhala akunena za mtengo uja zaka zonsezi, n'kuganiza kuti pamenepa apha mbalame ziwiri, malo a tenti ndi nkhuni, n'kumuchotseranso mnzawo minga imene sakanatha kuizula yekha. Anatsegula kanyumba ka malata, anayesa kunyamula yaikulu ija, n'kuona kuti yawalemera. Anatenga kakang'ono.

A Wence anakamva ali pamsewu, atangotsika minibasi. Khutu lawo linali lovuta, koma kulira kwa sowo yawo sakanakusokoneza ndi china. Kanali kakang'ono, ndipo kankalira kulira kumene kamalira kakamizidwa m'thunthu. Mu Estates monse munalibe munthu wina wa sowo yotero, ndipo pabwalo pawo panali thunthu limodzi lokha. Anasiya Lindiwe ndi mapepala n'kuyamba kuthamanga, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mu jekete ya maliro. Asanafike pageti, sowo inatsamwa n'kuzima.

Anapeza amuna ataima mozungulira mtengo, onse maso pansi. Popeza mpeni wa kasowoko unali waufupi, a Cephas anakhala akuzungulira thunthu, kucheka apa n'kucheka apo, ndipo mozama kwambiri anacheka mbali ya kunyumba. Mtengo unakhalira pa bala lomwelo n'kupana sowo, ndipo tsopano unali utapendekera padenga. M'nyumbamo munali modzaza amai akuimba nyimbo za maliro, osadziwa kanthu.

"Ba Wence, tenze kufuna chabe kumitandiza," anatero a Cephas. "Imwe mweka mwenze kukamba masiku yonse ati uyu mutengo ufunika kuchoka. Tinaona monga ni ba mayo benze kulesa."

Anthu onse amene anaima pamenepo anawamvapo a Wence akunena zimenezo, ena kakhumi. A Wence anagwada n'kulowetsa zala m'balamo, anazungulira thunthu lonse akufuna pamene khungwa latsala lathunthu, ndipo sanapeze. Mtengowo unali utafa kale ngakhale masamba ake anali asanadziwe. Kumwera mitambo inali itada ndipo mphepo inayamba kugwedeza nthambi, thunthu n'kumalira chapansipansi. Mtima wawo unasweka kachiwiri m'masiku awiri, ndipo ulendo uno unasweka ndi manyazi, chifukwa anadziwa kuti chapha mtengowu ndi pakamwa pawo.

Anauza Lindiwe kuti atulutse amai onse apite kutali kumsewu. Kenaka anavula jekete, anaipinda bwinobwino n'kuiika pampando, n'kulowa m'kanyumba ka malata. Akuluakulu awiri anawatsekereza kuti wofedwa sagwira ntchito, ayitanidwe wina. A Wence anawafunsa kuti winayo ndani, ndipo palibe amene anatchula dzina.

Anatuluka ndi yaikulu ija paphewa, chingwe m'manja. Anaponya chingwe pa nthambi yapamwamba n'kupatsa amuna asanu ndi atatu kuti akokere kumsewu. Anakhoma zikhomo zamtengo m'bala la a Cephas mpaka thunthu linamasula kasowo kaja, katapindika mpeni. Ndiyeno anakoka chingwe cha injini. Inayaka ulendo woyamba, monga inkachitira nthawi zonse, ndipo anthu ena amati pamenepo ndi pamene misozi yawo inayamba kutsika. Anadula kamwa pathunthu mbali ya kumsewu kuti mtengo ugwere kumeneko, mwaukhondo ngati akuphunzitsa munthu, n'kubwerera kumbuyo kukamaliza. Mtengo unazengereza pang'ono, kenaka unagwa pakati penipeni pa geti ndi mpanda, osakhudza lata ngakhale limodzi. Mango aawisi anabalalika pabwalo ponse mpaka mu ngalande.

Sanalekere pomwepo. Nthambi anasadza ndi chikwanje popeza kakang'ono kanali katawonongeka, ndipo thunthu analidula zipika ndi yapakati, sowo iliyonse ntchito yake. Palibe amene analimba mtima kuwaletsanso. Tenti inaima pamalo pamene panali mthunzi. Nkhunizo zinali zaziwisi, choncho sizinayake, zinangofuka utsi masiku onse a maliro, ndipo nkhuni zenizeni anachita kukazitenga ku Shimabala pa galimoto ya munthu wina.

Lachisanu kumanda, a Cephas anayandikira a Wence n'kunena kuti akufuna aime pamaso pa anthu apepese, aliyense adziwe kuti anadula mtengo ndi iwo. A Wence anapukusa mutu.

"Iwe unalibe lonjezo, Cephas," anatero. "Lonjezo yenze yanga."

Atawaitana kuti aponye dothi, anagwada m'mphepete mwa manda nthawi yaitali kuposa mmene anthu amachitira. Lindiwe, amene anawagwira mkono, ndi yekhayo amene anamva zimene ananena.

"Winfrida, mutengo wako najuba. Ndine najuba, na cheniso. Nenze kuseka chabe masiku yonse yaja, iwe wenze kuziba."

A Wence alipo mpaka lero, ndipo akadali kudula nkhuni ndi yapakati ija n'kumapereka pamaliro. Ukawafunsa kuti sowo yabwino ndi iti amayankha mwachidule, n'kukusiya upite. Anthu ofuna kugwetseredwa mtengo amawatumiza kwa ena. Chitsa chikadali pabwalo, ndipo madzi otsukira mbale amawathirabe pamenepo.