Chitengwa Ndinakachipempha Pamwamba pa Linga

Ndinanyamuka ku Ludzi 6 koloko m'mawa nditavala nsapato za kutchalitchi, mtima uli m'malo. Ulendo unali wa ku Kapondo kwa a Banda, amalume a mkazi wanga, kukapempha chitengwa. Zaka zisanu ndi ziwiri za chikamwini zinali zitakwana, ndipo kwathu bambo anandisiyira munda. A Banda akanakana, mundawo ukanapita kwa ena.

Minibasi inandidya K2,000 mpaka pa Kamwendo. Ndinagula mbatata yootcha, n'kukwera njinga yamoto ya K6,000. Woyendetsa anayang'ana nsapato zanga.

"Bwana, kuli ukwati kapena maliro?"

"Tikaona komweko," ndinatero.

Ndinafika cha m'ma 10, fumbi mpaka m'makutu. A Banda anamvetsera nkhani yanga yonse, kenako anatola ndodo yawo.

"Izi tikakambira paphiri. Paja inu Angoni mwakhala mukulifuna phiri limeneli."

Phirilo lili kuseri kwa mudzi. Pamwamba pake pali linga, mpanda wa miyala umene Achewa ankabisalamo Angoni akabwera ndi nkhondo. Ndinaona kanjira kolunjika kumpandako ndipo sindinafunse munthu. Mdzukulu wa ankhondo n'kufunsa njira kwa nkhalamba ya ndodo? Ndinauyamba mtunda.

Pakati pa phiri nsapato zinayamba kuterereka, ndipo ndinkakwawa ngati mwana. Nditakweza maso ndinaona chimwala chachikulu ngati nkhokwe chitangotsamira pamwamba panga. Mantha anandigwira, sindinama.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, bondo la buluku litang'ambika. A Banda ndinawapeza atakhala pampanda, akudya masuku.

"Mwadzera njira ya makolo anu," anatero akuseka. "Iwonso ankakwera pomwepo, atandandalika zishango, akuimba. Athu ankangodikira afike pamene munayambira kukwawa paja, n'kugubuduza miyala. Chishango chimatchinga muvi, apongozi, koma mwala ayi. Otsala ankalasidwa kuchokera kuseri kwa mpanda uno."

"Nanga inu mwadzera kuti?"

"Njira ya amayi, ya kukasupe. Ili kumbuyo. Imeneyo mlendo saiona, amachita kumuonetsa."

Ndinasuzumira kumene ndinadzera. Pansi pali milu ya miyala imene sinagwe yokha. Ndinaganiza za anthu amtundu wanga amene anatsalira pamenepo, ndi ana amene ankanjenjemera kuseri kwa mpanda, makolo a ana anga. Chisoni chinandigwira cha mbali zonse ziwiri.

A Banda anataya nthanga ya suku. "Makolo anu ankadzatenga akazi ndi ana athu ndi nthungo. Pano sanatengepo ndi mmodzi yemwe. Inu mwabwera ndi pakamwa. Mtengeni mkazi wanu. Koma anawo muzibwera nawo, adziwe kumene anthu awo anapulumukira."

Ulendowu unandiphunzitsa kuti kwa eni ake mphamvu sizikulowetsa. Potsika, a Banda anatsogola, n'kundionetsa njira ya kukasupe.